Batire la Ababa pa Thandala la Matemba

Mayi atamwalira, ababa anandiuza mawu amene anandikhala pamtima zaka zingapo. Kwathu kuno kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mwamuna ndiye amatsata mkazi kukakhala pachikamwini, ndipo mkaziyo akamwalira, abale ake amamusudzula mwamunayo kuti akhale womasuka kubwerera kwawo. Tsiku lowasudzula ababa, amalume anayankhula bwino ndithu. Anati munthu amene watilerera ana ndi kutimangira nyumba sitingamuonetse msewu, akalambire pompano. Ababa anawomba m'manja nathokoza. Koma anthu atabalalika, titatsala awiri pakhonde, anandiuza kuti:

"Ndikhala, mwanawe. Koma ine za ulele pamudzi pa eni sindidya. Tsiku limene ndidzalephere kubweretsa kanthu panjinga, udzandichapire zovala ndizipita kwathu."

Kwawoko ndi kutsidya kwa nyanja, cha kumalire a Mozambique, kumene anachoka ali mnyamata. Kunatsala mlongo wawo mmodzi, nayenso wokalamba, ndi adzukulu amene sanawaonepo nkhope. Ndinayesa kuseka kuti nkhaniyo ipite ndi mphepo, koma ababa ndimawadziwa. Akati mawa ndilawira, tambala amalira iwo ali kale panjira. Kuyambira tsiku limenelo, njinga yawo ikangolira pena pake, ndinkakumbukira mawu amenewo.

Ntchito ya ababa yakhala imodzi moyo wawo wonse. Ankagula matemba aawisi kwa asodzi padoko la Kachulu, kuwayanika pathandala kuseri kwa nyumba, akauma n'kuwalongedza m'dengu lalikulu, kulimanga pakaliyala ndi malamba a chubu, ulendo wa ku Zomba. Msewu wake ndi wafumbi ndi mabampu, ndipo ukamayandikira tauni umayamba kukwera. Anaupalasa msewu umenewo mpaka mawondo anayamba kukana. Poyamba ankabisa. Ndinkawaona akutsika panjinga mosamala ngati pansi pali minga, ndikafunsa n'kumati ndi nsapato zikuwapana. Nsapato zake ziti, poti munthuyo ankayenda ndi patapata?

Ndinamuimbira foni mchimwene wanga amene amagwira ntchito ku Joni, n'kumuuza kuti madala atsala pang'ono kutithawa. Iye sanazengereze. Patapita miyezi yochepa, anthu onyamula katundu wa ku Joni anatsitsa ku Zomba njinga yamagetsi, yoti wina anakwerapo kale koma yolimba, ya matayala onenepa. Batire lake linali lakuda, lalitali ngati mkono wa munthu, lochotseka ndi kiyi. Mchimwene anandichenjeza pafoni kuti batirelo ndi lomwelo basi, lina sangalipeze msanga, ndiye tilisamale.

Ababa anayamba aikana. Anati njinga yoyenda yokha ndi ya alesi, ndipo anthu padoko awaseka. Anaizungulira kangapo, kuigogoda ndi chala, kuinyamula kumbuyo n'kudandaula kulemera kwake. Kenako anati angoiyesa pang'ono kuti mwana asakhumudwe ku Joni. Anasowa nthawi yaitali, ndipo anabwera mutu uli pamtunda, chipewa chitagwera panjira iwo osadziwa. Sabata yomweyo anapita nayo ku Zomba ndi dengu lodzadza, nabwerako dzuwa likadali pamwamba, atagula sopo, mchere ndi mabanzi a adzukulu. Anatsika popanda kugwira bondo. Ine ndinalowa kuchipinda n'kukalira pandekha, chifukwa chosangalala.

Magetsi a mawaya kumudzi kwathu sanafike, koma zimenezo sizinatidetse nkhawa, chifukwa amuna anga ali ndi kashopu kotchajira padoko, masola ali mbee padenga. Amuna anga nawonso ndi mkamwini, anachoka ku Phalombe kudzanditsata. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba tawo toyandama pakati pa nyanja, amabwera ndi mafoni, matochi ndi mawailesi m'majumbo kudzatchajitsa. Amuna angawa ndi munthu wofatsa, koma pa nkhani ya batire amasanduka mlaliki. Ndawamvapo kambirimbiri akukalipira azibambo a ndevu zawo kuti foni sasiya padzuwa m'bwato, kuti asamadikire izime yokha ndiye azibwera nayo, kuti ikadzadza aziichotsa pamoto, ndiponso kuti asamabwereke tchaja iliyonse imene aipeza. Wina akabwera ndi foni yotupa mimba, amaikweza m'mwamba kuti onse aone. Asodzi amawatcha abusa a mabatire, amawaseka, komabe amamvera.

Munthu yemweyo akangoona ababa akubwera chapatali, pakamwa pamauma. Ndi mmene tinakulira: mkamwini ndi apongozi ake sazolowerana. Akakumana panjira, amuna anga ankapatukira kumbali, kunyonyomala, kuwomba m'manja n'kupereka moni maso ali pansi. Sankadyera mbale imodzi, sankakhala pamkeka umodzi. Chilichonse chofunika kunena chinkadzera mwa ine. Chikhalire m'banja, sindinawamvepo awiriwa akukamba nkhani yopitirira moni ndi za mvula. Ndiye batire nalonso linkadzera mwa ine. Ababa ankandipatsa, ine n'kupita nalo kushopu, likadzadza n'kubwera nalo.

Vuto linayamba ndi lamulo la ababa la pamalonda, loti munthu sabwerera kunyumba ndi katundu. Lamulo limeneli analiika ndi pabatire pomwe. Akabwera ku Zomba, timagetsi ta pabatire tikuonetsa kuti moto watsalamo, ankakweza adzukulu pakaliyala n'kumazungulira nawo bwalo la mpira mpaka njinga itazimiratu. Akatero ndiye n'kundipatsa batirelo likadali lotentha. Ankati madzi atsopano sathira mumtsuko mmene muli adzulo. Amuna anga akalilandira ankangopukusa mutu, kuliika pansi pa tebulo kuti liyambe lazizira, n'kumang'ung'udza okha.

Chimenecho chinali chaching'ono. Tsiku lina masana ndinapita kuseri kwa nyumba kukatembenuza matemba, ndipo pakati pa thandala, pa nsomba zenizeni, panali batire lija litagonekedwa bwinobwino padzuwa. Ababa anali pamthunzi wa mango akusoka dengu.

"Ababa, batireli likutani pa matemba?"

"Likudya."

"Si ndabwera nalo kushopu litadzadza kale?"

"Ladzadza ndi chiyani?"

"Ndi sola."

"Nanga sola moto imautenga kuti?"

"Kudzuwa."

"Basitu. Sola ija ndi venda chabe, mwini katundu ndi dzuwa. Ine ndagula nsomba zaka zonsezi, ndikudziwa kuti ukagula kwa venda ndowa imakhala yosadzadza. Ukafuna muyeso wabwino umapita kwa msodzi mwiniwake."

Anadzuka, nakaligwira batirelo ndi kuseri kwa dzanja, nkhope ili yokhutira.

"Taligwira. Ukumva kutenthako? Ndiye kukhutatu kumeneko."

Ndinaligwira, ndipo linandiwotcha ngati chiwaya. Kunena zoona, mmene anafotokozera ababa zinamveka ngati zanzeru, moti ndinapita kushopu ndili ndi mtima wokawafunsa amuna anga chifukwa chimene sanatiuzire njira yachidule imeneyi. Nditawafotokozera, anakhala pabenchi atagwira kumutu.

"Mayi, dzuwa ndiye mdani wa batire. Sola inapangidwa kuti izikhala padzuwa, batire ayi. Likamatentha choncho limakalamba msanga, tsiku lina lidzatupa, mwinanso kuyaka. Thandala lija ndi la udzu, nyumba ili pomwepo."

Madzulo ake ndinawauza ababa zonsezo, mwaulemu, nditagwada. Anamvetsera mpaka nditamaliza.

"Wamva kwa ndani?"

"Kwa apongozi anu, a kushopu."

"Apongozi angawo amadziwa mafoni. Iyi ndi njinga. Njinga ndinayamba kukwera iwo asanabadwe."

Ndinabwerera kwa amuna anga n'kuwauza kuti mawu akadzera mwa ine amafika atazizira, apite akanene okha. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akavule pamsika.

"Ine ndikaime pamaso pa apongozi n'kumati mukulakwitsa? Mkamwini asamakule mwendo, mayi."

"Ndiye mwendo wanuwo ukhale waung'ono choncho mpaka bambo anga akwere boti?"

Mawa lake masana anatseka shopu kanthawi, anazemba kudzera kumunda wa mpunga, anachotsa batire pathandala n'kuliika pamthunzi kuseri kwa mtsuko. Ababa atabwera kuchokera kudoko analipeza pamenepo, nalibwezera padzuwa. Tsiku linalo zinachitikanso chimodzimodzi. Ababa anayamba akalipira adzukulu, anawo n'kulumbira kuti sanaligwire. Kenako analimangirira kuthandala ndi lamba wa chubu, mfundo zake zija za pakaliyala zimene palibe amazimasula. Amuna anga sanagwire mfundozo, anangotenga lichero langa n'kuvundikira batirelo. Ababa anachotsa licherolo n'kufunsa mokweza, nkhope italoza kunyumba kwathu, kuti ndani akutsekera batire chakudya.

Onse awiri ankadziwa amene akulimbana naye. Koma m'mawa uliwonse ankapatsana moni wonse wathunthu, mwadzuka bwanji apongozi, tadzuka kaya inu apongozi, manja akuwombedwa. Ine zinkandipsetsa mtima kwabasi. Azibambo awiri aakulu, wina wa imvi, wina wa ana atatu, kumasewera chibisalirano ndi lichero langa, ine n'kumasowa popetera mpunga. Nthawi zina ndinkaseka, chifukwa zinali zoseketsa ndithu. Koma ndikakumbukira mawu a pakhonde aja, kuseka kunkatha.

Batire linayamba kufooka pang'onopang'ono. Moto wozungulira nawo adzukulu unasiya kutsala, ana n'kumadandaula. Kenako njinga inayamba kuzima ababa asanafike pakhomo, n'kumamalizitsa ndi miyendo. Ndinaganiza kuti apa ndiye aona okha. Koma iwo anati izi zikungotsimikiza kuti venda uja wawonjeza kuba, ndipo anayamba kulisiya batire padzuwa nthawi yaitali kuposa kale.

Linafika dzuwa la Okutobala, lija limaphwetsa madambo mpaka dothi kung'ambika. Tsiku lina ababa anachedwa kunyamuka chifukwa matemba anali asanaumitsitse. Anachotsa batire pathandala lili lotentha, kuliika panjinga, n'kunyamuka dzuwa lili paliwombo. Nthawi imene ankabwerera masiku onse inakwana, iwo osaoneka. Ndinaimba foni yawo, inkangoitana. Ndinapita kumsewu kukafunsa makondakitala a minibasi, ndipo mmodzi anati wawaona madala akukankha njinga kutali ndithu, anawaimira kuti akwere koma anakana.

Anafika dzuwa likulowa. Njinga inawazimira asanafike n'komwe pachitunda cholowera ku Zomba, ndipo njinga yamagetsi ikazima imalemera kuposa yakapalasa. Dengu linali lodzadza monga mmene linapitira, matemba ena atafumbutuka ndi mabampu. Mawondo awo anali atatupa ngati maungu. Anaimika njinga pakhonde, anachotsa batire n'kuliika pansi, nalowa m'nyumba atagwira khoma.

Anagona masiku angapo. Ndinkawathowa ndi madzi otentha, kuwapaka mankhwala amene ndinakatenga kuchipatala, ndipo ankadya pang'ono. Za njinga sitinkakamba. Atayamba kuyenda ndi ndodo, m'mawa wina anandiitana.

"Mwanawe, undichapire zovala."

"Zovala zanu ndinachapa dzana, ababa."

"Uchape zonse. Ndi jekete lomwe."

Ndinagwada pamenepo n'kuyamba kulankhula zonse zimene zinabwera pakamwa. Ndinati mpunga uli m'nyumba ndi wawo womwe, chifukwa munda anauswa ndi iwo. Ndinati palibe amene anawawerengerapo mbamu. Ndinati kutsidyako akakadwala adzawathowa ndani. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa.

"Ndinakuuza kale. Njingayo umuuze mchimwene wako kuti ndathokoza, inandithandiza. Batire lafa, miyendo yafa. Ndikhalirenji, kuwerenga nkhuku za eni?"

Amalume anabwera kudzawanyengerera, ababa anawalandira mwaulemu nawaperekeza mwaulemu, koma maganizo osasintha. Mchimwene anaimba kuchokera ku Joni n'kulonjeza kuti ayesetsa kupeza batire lina chaka chikamatha. Ababa anati mwana asavutike, ali ndi banja lake. Ndinatenga zovala zija kupita nazo kumjigo. Amayi anzanga anali atamva kale, ndipo wina, poyesa kundipepesa, anati ndisadabwe, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinangotsala pang'ono kumuthira madzi a sopo. Munthu wakhala pamudzi kuyambira ine ndisanabadwe, wakumba manda a anthu awo, wasenza mabokosi awo, lero akhale mlamba? Ndinachapa jekete lija mwaukali mpaka batani linathothoka.

Mkwiyo wonsewo ndinakautula pa amuna anga. Ndinawauza kuti ulemu wawowo auphike adye, chifukwa wandithamangitsira bambo. Ndinati asodzi osawadziwa amawalalikira tsiku lonse, koma munthu wa m'nyumba amusiya agwere m'dzenje akuona. Ndinaona kuti batire lachoka pakhonde pamene ababa analisiya, ndi njinga yomwe, koma sindinafunse. Masiku amenewo amuna anga ankalawira kwambiri, ndipo ine ndinkayesa kuti akuthawa pakamwa panga.

Tsiku la ulendo linafika. Ababa anakonza zokwera boti la ku chilumba cha Chisi, kuti kumeneko akapeze lina lowolokera kutsidya. Katundu wawo yense anali chikwama chimodzi ndi mkeka wokulunga. Ndinawasenzera mpaka padoko, tikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha ndodo. Padoko panali piringupiringu wa masiku onse, amayi akulimbirana nsomba, asodzi akukoka mabwato m'matope, fungo la matemba lili ponseponse. Anthu ambiri ankawadziwa ababa, ndipo ataona mkeka sanafunse kanthu. Anakhala pabwato lina lovundikira kudikira kuti boti lidzadze. Ine ndinaima pambali, ndikudziuza kuti sindilira pagulu.

Ndipamene ndinaona amuna anga akutuluka kushopu akukankha njinga ija, batire lili pamalo pake. Anaiimika chapatali pang'ono, ananyonyomala m'matope momwemo moyang'anana ndi ababa, nawomba m'manja. Ndinkayesa akudzatsazika.

"Bambo, ndili ndi mawu."

Ababa anayang'ana ine, poti mawu ankayenera kudzera mwa ine. Ine ndinayang'ana kunyanja.

"Nenani, apongozi."

"Batireli silinafe. Linakomoka ndi kutentha. Likatentha kwambiri limadzizimitsa lokha kuti lisapse. Ndalisunga pozizira, ndalitchaja pang'onopang'ono, ndipo masiku onsewa m'mawa ndakhala ndikuliyesa pamsewu. Likuyenda."

Kenako anapitiriza.

"Koma lafooka, ndipo analifooketsa ndinu, bambo. Dzuwa la pathandala lija. Ndi kulimaliza moto mpaka kuzima kuja."

Amayi amene ankagula nsomba pafupi anasiya kutsatsana. Msodzi wina amene ankakonza ukonde anaimitsa manja. Mkamwini kunena apongozi ake pagulu kuti mwalakwitsa, ambiri a ife tinali tisanazionepo. Ine ndemwe, amene ndinkawakankha kuti alankhule, ndinachita mantha.

"Ndiye mwabwera kudzandiphunzitsa?" anafunsa ababa.

"Eya, bambo. Ndinachedwa."

Ababa anagogoda ndodo pabwato. Mwini boti anayamba kuitana a ku Chisi kuti akwere. Amuna anga sanadzuke, ndipo anatsitsa mawu moti ndinachita kusendera kuti ndimve.

"Inu munabwera pamudzi uja ndi mkeka, inenso ndinabwera ndi mkeka. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana inu, n'kumati kani mkamwini angathe kumera imvi pamudzi pa mkazi wake, anthu n'kumamupatsa ulemu. Mukakwera botilo, ndiye kuti nanenso langa likundidikira. Ndizidzala mitengo ya chiyani?"

Sindinkadziwa kuti amuna anga amasunga zoterozo mumtima. Ndinagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezo osaganizapo kuti nawonso amadziona ngati mlendo. Misozi imene ndinkaikaniza inatuluka, ndipo sindinasamalenso za gulu.

Mwini boti anaitananso, akuloza ababa. Iwo sanatembenuke. Maso awo anali panjinga.

"Ku Zomba lifika?"

"Ayi, bambo. Ku Zomba silidzafikanso."

Ndinafuna kuwatsina amuna anga. Munthu wayamba kufewa, iwe n'kumamuuza zoona zonse nthawi imodzi? Koma ababa anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo weniweni wa nsomba.

"Nanga lifika pati?"

"Misika ya konkuno kwa Mwambo, kupita ndi kubwera, moto n'kutsalako. Koma muzilisunga pamthunzi. Mukabwera lizipuma kaye lizizire, ndiye tizilitchaja. Ndipo musamadikire kuti lizime."

"Misika imeneyo anthu ake amagula ka mulu kamodzi n'kumapempha basera."

"Amagulabe, bambo."

"Nanga adzukulu ndiziwakweza chiyani, poti mukuti moto uzitsala?"

"Muziwakweza popita, kufika pamsewu. Azibwerera wapansi, miyendo ali nayo."

Apa ababa anaseka, kaphwete kakang'ono kotulukira m'mphuno. Mwini boti anafunsa komaliza ngati madala akukwera. Ababa anakweza ndodo n'kumuuza kuti azipita, iwo ali ndi mlandu ndi apongozi awo. Injini inalira, boti linalowa m'mabango, ndipo ine ndinakhala pamchenga wonyowa.

Pobwerera, ababa sakanatha kuyendetsa okha chifukwa mawondo anali asanaphwe. Amuna anga anakwera kutsogolo, ababa anakhala pakaliyala atagwira ndodo m'dzanja limodzi, ndipo pa bampu loyamba dzanja linalo linagwira phewa la mkamwini wawo. Anthu padoko anaseka, wina anaimba mluzu. Ine anandisiya m'mbuyo ndi chikwama ndi mkeka pamutu, palibe anandikumbukira, ndipo sindinadandaule.

Masiku ano ababa amapita kumisika yapafupi kawiri kapena katatu pasabata, ndi dengu locheperapo. Phindu lake ndi la sopo ndi mchere, koma amabwera nalo m'manja mwawo. Batire limagona m'chipinda mwawo pansi, pakona yozizira, kutali ndi mbaula. Akabwera kumsika amalisiya lipume, iwo n'kumwa thobwa, kenako amapita nalo okha kushopu. Sindinenso mthenga. Amakhala pabenchi kudikira, likangodzadza n'kuuza amuna anga kuti alichotse pamoto, ngati kuti nzeruzo anabadwa nazo. Ndinawamvapo akukalipira msodzi wina chifukwa chosiya foni padzuwa. Za venda sanasinthe maganizo kwenikweni. Amati sola imabadi, kungoti batire ndi kasitomala wamanyazi, sangathe kugula yekha kwa mwini katundu. Amuna anga amangovomera kuti ndi choncho, bambo.

Batire latsopano mchimwene sanalipezebe, ndipo lakaleli tikudziwa kuti tsiku lina lidzatopa. Ndimaganizapo, koma mantha aja anachepa. Mwezi wathawu tinapita kukalambula kumanda, ndipo titamaliza kuzula udzu pa manda a mayi, ababa anatsalira m'mbuyo. Kwathu kuno mkamwini akamwalira, kawirikawiri abale ake amabwera kudzamutenga kuti akagone kwawo. Ababa anandikodola, naloza ndi ndodo malo amene ali pambali pa mayi, pamene pamera kamtengo ka mthethe.

"Apa pasagone wina. Ukawauze amalume ako, ndipo a kutsidya akadzabwera udzawauze kuti ndinanena ndekha."

Anandiyang'ana, naona kuti ndayamba kale kulengeza misozi.

"Iwe, usafulumire. Lachisanu kuli msika."